Tsiku Limene Ndinalanda a Kamwendo Chakudya

Takondwa ndi Dalitso, dokotala wandiletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa ketulo, ndiye ndanyamula cholembera. Phewa langa lathera pa mphika wa mafupa, zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mwezi wathawu ndinabweza makiyi a kuntchito. Za ubwana wanga ku Balaka sindilemba. Azakhali anu anakuuzani kale, ndi zoonjezera zomwe. Ndiyambira pa ntchito. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti lero mungoti "aye, dad", eya wanu wa kuno uja, n'kubwerera pa foni, koma tsiku lina mudzafuna kudziwa, ndiye mudzavutike nacho monga ndinavutikira ine ndi Chingerezi cha madalaivala a basi a kuno.

Chaka choyamba

Ndinafika ku Glasgow ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri kudzaphunzira za mahotela pa koleji ina. Ndinakhalapo miyezi isanu. Ankatiphunzitsa kupinda nsalu za patebulo kuti zioneke ngati maluwa, ndi kumwetulira munthu amene wangokutukwana kumene. Tsiku lina mphunzitsi anandibwezera nsalu kachitatu. Ndinamuuza kuti aipinde yekha, n'kutuluka. Sindikunyadira, komanso sindinapepesepo. Kumudzi anamva kuti mwana amene anamugulitsira ng'ombe wathawa sukulu, ndipo bambo anga sanandilembere kalata zaka ziwiri. Ndinatsala ndi kachipinda kozizira ku Govanhill, pamwamba pa shopu ya ndiwo zamasamba, ndi mkwiyo umene ndinkauthira aliyense wondipatsa moni.

Ntchito ndinaiona pa zenera, m'kamsewu kena m'tauni: pakufunika wotsuka mbale. M'katimo munali kauntala yaitali, mipando yaitali khumi ndi iwiri, ndi bambo wamfupi waimvi wa ku Japan atamanga kansalu pamutu. Amenewo anali a Hayashi. Sanandifunse za satifiketi. Anandipatsa mphika kuti nditsuke, nditamaliza anautembenuza n'kuyang'ana kunsi kwake, kumene anthu satsukako. Ndinali nditatsukako, osati chifukwa cha khama, koma chifukwa cha ukali. Anati, "Mawa, sikisi koloko."

Ankagulitsa chakudya chimodzi chokha, chimene kwawo amachitcha rameni: manudozi aatali ngati sipageti, m'msuzi wa mafupa a nkhumba, pamwamba pake kanyama kopyapyala, dzira lodula pakati ndi anyezi wamasamba. Sabata yoyamba ndinkangoyang'ana ndili pa sinki. Anthu ankaima pamzere panja, mvula ikuwanyowetsa, theka la ola. Akalowa ankakhala chete, kuweramira mbale, n'kumakoka manudozi ndi milomo, phokoso lake ngati ng'ombe ikumwa madzi. Mayi anga akanandimva ine ndikudya choncho akanandigenda ndi chipande. Pakapita mphindi khumi munthu ankapukuta pamalo pake, kubweza mbale pamwamba pa kauntala, kuthokoza, ulendo. Ine zinkandinyansa, koma zinkandichititsanso chidwi, ndipo chidwicho ndi chimene chinandisunga pa ntchitoyo.

Tsiku lina ndinalephera kupirira. Ndinati, "Bwana, mafupawa takhala tikuwiritsa kuyambira dzulo. Munthu akudya osavula n'komwe jekete. Sizikukupwetekani?"

Anati, "Ukufuna adye maola angati?"

"Kwathu chakudya chodya mothamanga ndi cha pa chiwaya. Tchipisi cha pa depoti, chodya chiimire. Munthu wolemekezeka akamadya pamenepo amayamba wayang'ana uku ndi uku."

A Hayashi anapitiriza kuchotsa thovu pa msuzi. "Kwathu bwana wa kampani amaima pa siteshoni ya sitima atavala suti, n'kudya phewa ndi phewa ndi wosesa. Sayang'ana uku ndi uku. Amayang'ana m'mbale. Wakudyayo ndiye ali pa changu. Wophika sali pa changu."

Ndinati m'mtima, chiwaya ndi chiwaya, ngakhale chitakhala ndi denga. Koma mawa lake ndinabweranso.

Chaka chachiwiri mpaka chachinayi

Cholakwa changa choyamba chinali chifundo. Panali bambo wina wa ku Japan, wogwira ntchito ku kampani ya makina, amene ankabwera Lachiwiri lililonse n'kukhala yekha kumapeto kwa kauntala. Kwathu munthu wodya yekha ndi wodwala, womana, kapena amene abale amutaya. Ndinamumvera chisoni. Ndinapukuta manja, kuzungulira kauntala, n'kuyamba kumufunsa za akazi ake, za ana, ngati akuzolowera kuzizira. Anaika timitengo take todyera pansi, anayankha zonse mwaulemu, anawerama, ndipo mwezi wathunthu sanabwere. A Hayashi sanakalipe. Anangoti, "Wamubera mphindi khumi zake. Tsiku lonse anthu amamufunsa zinthu. Pano pokha ndi pamene palibe womufunsa." Mpaka lero sindinganene kuti ndikugwirizana nazo. Koma ineyo ndinayamba kudya ndekha masana kuseri, ndipo ndinapeza kuti mkwiyo umatsika ukamatafuna popanda woyankha.

Zosowa zinali zambiri. Wabutchala wathu masabata ena ankabweretsa mafupa ochepa. Ufa wa manudozi unkachokera kutali, ndipo nthawi ina katundu anakhala pa doko milungu itatu. Ine nzeru zanga zinali za kwathu, za ndiwo zikachepa alendo atachuluka. Ndinati tithire madzi mu msuzi ndi timakiyubu ta msuzi wa nkhuku, tigule sipageti ku shopu, anthu a kuno sazindikira. A Hayashi anandiyang'ana ngati ndanena kuti tiphike mphaka. Anatenga pepala, analemba kuti msuzi watha, anamata pa chitseko wani koloko masana mzere uli panja. Azungu anatukwana. A Hayashi anatuluka n'kuweramira aliyense payekhapayekha. Chakudya chonyamula ankakananso. Anthu a kuno anazolowera nsomba ndi tchipisi zokulunga m'pepala, ndiye ankadabwa kuti malo odyera mothamanga akukana kuwalongedzera. Wina anati, "Ndi kwathu pomwepa, mnzanga, mphindi zisanu." A Hayashi anati, "Mphindi zisanu ndi kutali."

Chimene ankatanthauza ndinachimva chaka chachitatu, atayamba kundilola kuyandikira mphika wa manudozi. Anaphika mbale imodzi n'kuisiya pa kauntala. Patapita mphindi khumi anaphika ina, n'kundipatsa zonse ziwiri. Yatsopanoyo manudozi ake ankalimbana ndi mano pang'ono, msuzi uli wotentha, wonunkhira. Yokhalitsa ija manudozi anali atamwa msuzi n'kufufuma, ofewa ngati phala la mwana, mafuta ataundana pamwamba. Anati, "Iyi si chakudya chomwecho chitazizira. Ndi chakudya china. Sindinachiphike ine." Lamulo lawo linali limenelo: manudozi amalowa m'madzi owira mphindi ziwiri zosakwana, kawotchi kakalira amatuluka, ndipo mbale imene yakhalitsa siperekedwa kwa munthu, kaya ndi ndani. Woperekera mbale yotero ankabwerera ku sinki. Wina amene analipo ine ndisanabwere anabwerera kwawo.

Chaka chachisanu

Mayi anu, Eluby, ndinakumana nawo ku mapemphero a Amalawi amene tinkachita masana Lamulungu m'holo yobwereka ku Pollokshields. Ine ndinkapitako chifukwa cha mandasi. Iwo anali akuphunzira unamwino. Tinagwirizana, koma anandiuza poyera kuti makolo awo ku Dedza anasiya nkhani yonse m'manja mwa malume awo a kuno, a Kamwendo, ndipo popanda mawu a malumewo sadzakwatiwa ndi ine, ngakhale nditalira motani. A Kamwendo anali mkulu wa mpingo, ankakhala ku Easterhouse, ankagwira ntchito ku labu ya chipatala, ndipo pakhoma la pabalaza pawo panali masatifiketi anayi m'magalasi. Ine ankanditchula kuti mnyamata wothawa sukulu uja wokazinga tchipisi. Patapita miyezi itatu akuzengereza, anatumiza uthenga kuti abwera iwo eni Loweruka kudzaona kumene ndimagwira ntchito, kenako alembera ku Dedza.

Nthawi imeneyo ndinali nditangopatsidwa mphika wa manudozi milungu iwiri yapitayo, pambuyo pa zaka zinayi za sinki ndi mpeni. Ndinapempha a Hayashi kuti tisungire alendo anga mipando. Anakana. Anati ngakhale mayi awo atabwera amaima pamzere. Ndinapita kwa Eluby.

"Uwauze malume kuti pemphero la chakudya likhale lalifupi."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ine? Ngakhale abusa analephera. Pa Khrisimasi nkhuku inachita kutenthetsedwanso kawiri. Uwauze wekha, poti ndiwe wolimba mtima."

Sindinawauze.

Loweruka lija

Anabwera anayi: a Kamwendo, akazi awo, mkulu wina wa mpingo amene anamutenga ngati mboni, ndi Eluby. Anaima pamzere m'mvula yowaza mphindi makumi awiri, a Kamwendo atavala suti ndi chipewa, nkhope ikunka ilimba. Atalowa anayang'ana uku ndi uku kufuna tebulo, sanalione. Anakwera pampando wautali movutikira, miyendo ili lendelende.

Ndinati, "Mwaswera bwanji, malume?"

"Taswera panja," anatero. "Ndiye ndi pompano? Anthu amadya atayang'ana khoma ngati ali pa chilango?"

Ndinaphika mbale zinayi zimene sindinaphikepo zabwino choncho m'moyo wanga. Kawotchi kanalira, ndinakutumula madzi, ndinayala manudozi, nyama, dzira. Ndinawaikira mafoloko kuti asavutike ndi timitengo. Nthunzi inali ikukwera. Pamenepo a Kamwendo anatsika pampando, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Tiyeni tipemphere."

Anayambira ku Dedza. Anapempherera mvula ya kumudzi, odwala a m'zipatala, akaidi, apaulendo, boma la kuno ndi la kwathu. Anapempherera ana obadwira kuno amene aiwala chinenero cha makolo awo, ndiye kuti inu munapemphereredwa musanabadwe. Phokoso la odya linatha. Mzungu wina anatsala ndi manudozi ali pakamwa, osadziwa ngati ameze kapena adikire. A Hayashi anaweramitsa mutu mwaulemu, koma maso anali otsegula, ali pa mbale zija. Anga nawonso anali pomwepo. Ndinaona nthunzi ikuchepa mpaka kutha, msuzi ukutsika, manudozi akukwera. Pamene ankati Amen panali patapita mphindi zisanu ndi zinayi.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, chifukwa nkhaniyi ena amainena ngati nthabwala. Anthu anayiwa anali asanadyepo rameni. Akanadya phala lija, akanati ndi mmene chimakhalira, n'kupita kwawo. A Hayashi sakananena kanthu pamaso pa alendo anga, koma Lolemba ndikanapezeka ku sinki, mwinanso panja. Ndiye panali mbali inayo. Kwathu suchotsa chakudya pamaso pa mlendo. Kuchotsa pamaso pa mkulu, chimene wangochidalitsa ndi pakamwa pake, iwe uli wopempha mbeta, ndi chipongwe chimene anthu amachikumbukira mpaka pa maliro ako. Ndikadzifunsa lero ngati ndinkaopa sinki, ndimapeza kuti ayi. Chimene sindinathe kupirira ndi ichi: munthu ameneyu anabwera kudzaona ntchito yanga, ndipo chimene chinali m'mbale zija sichinali ntchito yanga. Akanachoka atatsimikiza kuti ndimaphika zonyozeka, ndipo akanakhala kuti sanalakwitse.

A Kamwendo anali atangolowetsa foloko m'mbale. Ndinatambasula manja pamwamba pa kauntala n'kukoka mbale yawo, foloko ili momwemo. Kenako ya akazi awo, ya mkulu uja, ya Eluby.

Mayi Kamwendo anagwira pakamwa. Eluby anatseka maso ngati pemphero likupitirira.

"Iwe," anatero a Kamwendo, mawu ali pansi. "Chakudya chopemphereredwa ukupita nacho kuti?"

"Chawonongeka, malume."

"Chawonongeka ndi chiyani?"

Munthu wanzeru akanati ndinaiwala mchere. Ine ndinati, "Pemphero latalika."

Mkulu wa umboni uja anayamba kufufuza chipewa chake. "A Kamwendo, tiyeni. Taona zokwanira."

Ndinati, "Simunaone. Chakudyachi chimadyedwa chikangotuluka, chikakhala chimafa. Mwabwera kudzaona chimene ndimachita. Ndipatseni mphindi ziwiri ndikuonetseni, kenako mukalembe ku Dedza zimene mukufuna."

A Hayashi sanamve liwu limodzi la Chichewa, koma anayang'ana mumphika wa msuzi, umene unali pafupi kutha. Mbale zinayi zina zinatanthauza kuti anthu anayi a panja sadya. Anavula epuloni, anatuluka m'mvula, ndipo pa zenera tinawaona akuweramira anthu anayi a kumapeto kwa mzere, mmodzimmodzi, kuwapepesa. A Kamwendo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Akuchita chiyani abwana akowo?"

"Akubweza anthu kuti inu mudye."

Anakweranso pampando. Ndinapuma. Koma ndisanagwire manudozi anati, "Chatsopanocho sichinapemphereredwe. Ine sindidya chosadalitsa. Sindinayambe ndatero, ndipo sindiyambira pa chiwaya."

Ndinanyamula kawotchi kaja n'kukaika patsogolo pawo, pafupi ndi chipewa. "Pempherani ndikuphika, malume. Kakalira aka, chakudya chafika."

"Ukundipimira nthawi yolankhula ndi Mulungu?"

"Ayi. Ndikupimira manudozi. Mulungu mungapitirize naye mukatha kudya."

Mayi Kamwendo anatulutsa kamawu kenakake, n'kukasandutsa chifuwa. Ndinaponya manudozi m'madzi owira, ndinadina kawotchi, ndinafulatira. Sindinadziwe ngati kumbuyo kwanga anthu akupemphera kapena akutuluka. Ndinayala mbale zinayi zatsopano n'kuthiramo msuzi. Kenako ndinamva mpando ukukhulika, ndi mawu a a Kamwendo, okweza kuti ndimve bwino.

"Atate, mwaona nokha. Mnyamata uyu ndi wamwano. Sukulu anathawa, akulu sawaopa. Koma mwana wathu wakakamira, ndipo ife takalamba, sitingalimbane ndi onse awiri. Popeza akhala m'banja mwathu, mumuwongole Inu, ife zatikanika. Dalitsani chakudyachi, kaya ndi chiyani. Amen."

Kawotchi kanalira.

Ndinakutumula madzi, ndinayala manudozi, nyama, dzira. Ndinaika mbale zinayi. Anadya chete, atayang'ana khoma ngati anthu ena onse. A Kamwendo anamaliza manudozi, anayang'ana mzungu wa pambali pawo amene ankamwa msuzi ndi mbale, n'kuchita chimodzimodzi. Atapukuta pakamwa anati, "Mchere wachuluka." Anavala chipewa n'kutuluka osanditsanzika. Eluby potuluka ananditsina padzanja mpaka chizindikiro chinakhala masiku atatu.

Tinatseka thu koloko, msuzi utatha. Mbale zinayi zoyamba zija zinali kuseri, zitazizira. A Hayashi sankataya chakudya, ndiye tinaima pa sinki, iwo ziwiri, ine ziwiri. Zinali zoipa kwambiri. Atamaliza yoyamba anandifunsa chimene mkuluyo ananena m'pemphero lachiwiri. Ndinawamasulira zonse, osasiya za mwano ndi za sukulu.

"Ndiye avomera?"

"Ndikuganiza choncho."

"Ukuganiza?"

"Kwathu akuluakulu savomera kuposa pamenepo, bwana."

Anagwedeza mutu, anayang'ana mbale yawo yachiwiri, imene inali ndi foloko m'kati, n'kuikankhira kwa ine.

"Iyi ndi ya malume ako," anatero. "Idya wekha."